Atumeni ku Kulima Tower ndi kope m'manja

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wa uinjiniya wa misewu pa yunivesite ina muno mu Lusaka. Akuti: "Ophunzira anga amakonda masamu a makulidwe a phula ndi nthawi za maroboti, koma ndikafika pa nkhani ya sustainability amangoloweza kuti akhoze mayeso. Ndichite bwanji kuti iwalowe mumtima?"

Zikomo aphunzitsi pondilembera. Ine ndikuona kuti vuto limayamba pamene nkhaniyi, yomanga misewu yokhalitsa yosawononga chilengedwe ndi moyo wa anthu, yaikidwa payokha kumapeto kwa temu, ngati ndiwo zapambali. Ilowetseni m'masamu omwewo amene anawo amakonda. Poyambira pake ndi funso ili: tikamayeza msewu, tikuwerenga magalimoto kapena anthu?

Mabuku awo amati mzere umodzi wa msewu umadutsitsa magalimoto pafupifupi 1,800 pa ola ngati palibe choimitsa. Chabwino. Tsono atumeni pa Great East Road m'mamawa, aime pafupi ndi Arcades, awerenge anthu a m'galimoto iliyonse. Adzaona galimoto zambiri zili ndi munthu mmodzi kapena awiri, pamene minibasi yodzaza yochokera ku Chelstone yatsekeredwa kumbuyo kwawo. Ena apite ku siteshoni ya mabasi ya Kulima Tower ndi ku City Market, akafunse amayi ogulitsa kuti adzuka nthawi yanji, akwera mabasi angati, alipira zingati. Ena ayende wapansi kuchokera ku Kanyama mpaka m'tauni nthawi ya dzinja. Wophunzira wotere akabwerako ndi matope mpaka m'mawondo, simudzafunikanso kumuuza kuti ngalande ndi njira ya oyenda pansi si zokongoletsa msewu. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pa mwala wa laimu, malo ake ndi athyathyathya, madzi a pansi ali pafupi. Phula lililonse limene mwawonjezera limakankhira madzi amvula kwinakwake, ndipo kawirikawiri amakathera m'makomboni, komwe kolera imayambira.

Muli ndi mwayi chifukwa chitsanzo chili pakhomo. Ma flyover, milatho yodutsa pamwamba pa misewu ina, a ku Makeni, Arcades, Longacres ndi Munali anamangidwa ndi kampani ya Afcons ya ku India pofuna kuchepetsa kuthithikana kwa magalimoto. Sindikunena kuti ndi oipa, anathandizadi pa mphambano zimenezo. Koma apatseni ophunzira ntchito yofufuza kumene mzere wa magalimoto unasamukira, komanso mmene gogo wonyamula katundu pamutu amawolokera pamenepo. Akatswiri anaona kalekale kuti msewu ukakula, anthu ambiri amayamba kuyenda pa galimoto mpaka umadzazanso. Ku Houston, ku America, anakulitsa msewu wa Katy Freeway kwambiri, ntchito inatha mu 2008, koma patangopita zaka zochepa kuthithikana kunabwerera.

Auzeninso mbiri yathu. UBZ, kampani ya mabasi ya boma, inatha mu 1995, ndipo maminibasi ndi amene anatseka mpatawo. Choncho wophunzira akajambula mabasi akuluakulu oyenda m'njira yawoyawo, monga aja anayamba ku Dar es Salaam mu 2016, mufunseni kuti madalaivala, makondakitala ndi angwangwazi (oitanira anthu m'mabasi) adzadya chiyani. Pulani yosayankha zimenezo imafera papepala. Wina akati tingogula mabasi amagetsi, mukumbutseni za 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo tinkakhala maola ochuluka mumdima.

Chomaliza ndi malikisi, chifukwa wophunzira amalimbikira chimene chimawerengedwa. Pa pulojekiti ya mphambano, musapereke malikisi onse pa liwiro la magalimoto. Gawo lina likhale la masekondi amene mwana wa sukulu amadikira kuti awoloke, lina la kumene madzi apita, lina la ndalama zokonzera msewuwo pakatha zaka 10. Mukayesa temu ino, mundilembere zomwe ana aja munawatuma ku Kanyama abwera nazo m'makope awo.