Kodi nthano za nyengo zingamudyetse munthu?

Mlongo wina wa ku Phalombe wanditumizira imelo. Akufuna kulemba buku la nthano lokhudza namondwe wa Freddy wa mu 2023, koma anzake akumugwetsa mphwayi, ati nkhani za nyengo n'za m'mawekishopu, palibe angazigule. Ndiye akufunsa: alipo mlembi amene ntchito yotereyi inamupindulira?

Alipo, achemwali. Dzina lake ndi Kim Stanley Robinson wa ku California, wobadwa mu 1952. Poyamba anatchuka ndi mabuku atatu onena za anthu okakhala ku pulaneti ya Mars. Mu 1995 anapita ku Antarctica kukakhala ndi asayansi, kuona mmene amagwirira ntchito, ndipo pakati pa 2004 ndi 2007 anatulutsa mabuku ena atatu momwe madzi amasefukira mumzinda wa Washington.

Limene linamufikitsa patali ndi The Ministry for the Future la mu 2020. Mutu woyamba ndi woopsa. M'tauni ina ku India kwatentha koopsa, magetsi azima, anthu athawira m'dziwe n'kumira mpaka m'khosi, koma madziwo ndi otentha kuposa thupi. Pofika mmawa pafupifupi onse afera momwemo. Palibe akulalikira za mpweya woipa pamenepa. Owerenga amangomva ludzu. Kenako nkhani imasamukira ku Zurich m'dziko la Switzerland, kwa mayi wotsogolera bungwe loteteza mibadwo yam'tsogolo, akukangana ndi akuluakulu a mabanki. Masamba ena a misonkhanoyi ngotopetsa, sindibisa, koma bamboyu amadziwa kuti tsoka limakonzedwa kapena kupewedwa m'maofesi. Barack Obama analiika bukuli pa mabuku amene anawakonda chaka chimenecho, ndipo mu 2021 Robinson anakalankhula ku COP26, msonkhano wa mayiko wokambirana za kusintha kwa nyengo, ku Glasgow.

Inuyo muli ndi chimene iye anachita kuchifunafuna kutali: munaliona dothi likutsika phiri. Lembani munthu mmodzi, mwina mayi amene akusaka mwana wake pamsasa wa pasukulu, komanso fufuzani amene ankalemba mayina a olandira ufa ndi mmene ankawalembera. Phunziro lisiyireni mabungwe.

Za ndalama, musasiye ntchito kaye. Buku loyamba la Robinson linatuluka mu 1984, ndipo lomwe dziko linamumvera nalo pa za nyengo linabwera ali ndi zaka 68.