Chipeso cha ma Viking: kodi nchogula?

Wowerenga wina wanditumizira imelo kuti waona pa intaneti chipeso, kambano kozulira tsitsi ndi kasupuni ka m'khutu, zonse akuti "za ma Viking", anthu akale oyenda panyanja ochokera kumpoto kwa Ulaya. Akufunsa ngati anthu aja ankadzisamaladi, komanso ngati chipesocho chingapese ndevu zake.

Achimwene, funso loyambalo limandinyong'onya, chifukwa mafilimu anatizoloweretsa chimunthu chansanza, tsitsi lili yakayaka. Koma zipeso zapezeka zambirimbiri m'malo omwe ankakhala: ku Birka (Sweden), ku Hedeby (Germany), ku Ribe (Denmark) ndi ku Coppergate mumzinda wa York ku England, komwe anakumba kuyambira 1976 mpaka 1981. Ku Lincoln, ku England komweko, kunapezeka chikwama cha chipeso cholembedwa kuti Thorfast ndiye anapanga chipeso chabwino. Buku lakale la mbiri ya England lodziwika ndi dzina la John of Wallingford limadandaula kuti ma Viking a ku Denmark ankapesa tsiku ndi tsiku, kusamba Loweruka lililonse, mpaka kukopa akazi a eni. Inde, Ibn Fadlan, mlembi wachiarabu, atakumana nawo ku mtsinje wa Volga ku Russia mu 922 anawatcha auve, ndipo chimodzi mwa zomwe zinamunyansa ndi kusukusulira m'beseni limodzi. Kupesako anakuona ndithu.

Nkhani yeniyeni ili pa kapangidwe. Nthawi zambiri chipeso chawo sichinali chidutswa chimodzi. Ankatenga nyanga zoyoyoka za mitundu ya agwape akumpoto, osati za ng'ombe, nkucheka timapale topyapyala, mamilimita 2 kapena 3. Timapaleto ankatindanditsa pakati pa timizati tiwiri, nkukhoma ndi timisomali ta chitsulo kapena mkuwa. Mano ankacheka pomaliza, zonse zitakhomedwa, nchifukwa chake zipeso zakale zimakhala ndi timabala ta macheka m'mphepete mwa mzati.

Mavuto onsewa a chiyani? Nyanga imalimba motsata mitsempha yake. Dzino lochekedwa motsata mtsempha limapindika pang'ono nkubwerera, lochekedwa mopingasa limathyoka. Choncho wogulitsa amene wasema fupa limodzi la ng'ombe, nkujambulapo mutu wa chinjoka, akugulitsa chidole. Sindisintha mawu pamenepa. Ngakhale zokongoletsa zakale zinali zofatsa: timizere, timizere topingasana, timabwalo tokhala ndi kadontho pakati.

Timbano ndi timasupuni amayi ambiri ankatipachika ndi unyolo pa zomangira chovala pachifuwa. Izi nzosavuta kutengera, ndipo zamkuwa zamakono zimafanana bwino ndi zakale. Kasupuniko ingosungani, m'khutu musalowetse. Phula mungolikankhira mkati.

Musanalipire

Funsani ngati ndi nyanga, fupa kapena pulasitiki. Singano yotentha imasungunula pulasitiki. Onani ngati misomali yadutsadi mbali zonse, poti ena amangomata ndi guluu nkujambula timadontho. Yendetsani chala pa mano: akakhala okanda, sanawapale atacheka, ndipo adzadula tsitsi. Musachiviike m'madzi, chifukwa msomali wachitsulo ukachita dzimbiri umatupa nkung'amba nyanga. Chipukuteni ndi kansalu ka mafuta pang'ono.

Za ndevu zanuzo: mano a zipesozi ndi othithikana, oyenera tsitsi lowongoka. Ngati ndevu zanu nzopotana, uzani mmisiri acheke mano otalikirana, ndipo muzipesa mutadzola kaye mafuta, kuyambira kunsonga.