Injini ikazima pakati pa nyanja, ndege imakatera kuti?

Mayi wina wa ku Chilomoni watitumizira imelo. Mwana wawo akukachita maphunziro ku Sydney, ku Australia. Anyamukira ku Chileka, akasintha ndege ku Johannesburg, kenako maola pafupifupi 12 ali pamwamba pa madzi okhaokha. Mayiwa akufunsa kuti injini itazima pakatikati ndegeyo ingakatere kuti, komanso chifukwa chake mzere wa pa mapu ukukhotera kummwera m'malo mongolunjika.

Mayi, za mzerezo n'zachidule. Dziko ndi lobulungira, ndiye njira yaifupi pakati pa mizinda iwiri ya kummwera imadzera kummwera kwenikweniko. Lembani timadontho tiwiri totalikirana m'munsi mwa mpira, mukoke ulusi pakati pake, muona ulusiwo ukutsetserekera pansi. Mtunda wa pakati pa Johannesburg ndi Sydney ndi makilomita pafupifupi 11,000. Pobwera ndi maola ngati 14, chifukwa mphepo yamphamvu ya m'mwambamo imachokera kumadzulo, ndipo ndege imakhala ikulimbana nayo.

Tsopano za injini. Ndege yaikulu ya injini ziwiri imatha kuuluka ndi imodzi kwa maola ambiri. Imatsika pang'ono, liwiro n'kuchepa, koma siigwa. Lamulo lotchedwa ETOPS limanena kutalika kwa nthawi imene ndege ingakhale kutali ndi bwalo loti n'kuterapo, powerengera liwiro la injini imodzi. Mu 1953 dziko la America lidaika malire pa mphindi 60. Mu 1985 zidafika 120, mu 1988 zidafika 180, ndipo mu 2014 Boeing 787 idaloledwa mphindi 330, Airbus A350 mphindi 370. Kampani siingodzitengera malirewa ayi. Boma la kwawo limayamba laona mbiri ya injini zake ndi mmene amakaniko ake amagwirira ntchito. Pa njira ya ku Sydney, kampani ya ndege ya ku Australia ya Qantas yayendetsapo ndege za Boeing 747 ndi Airbus A380 za injini zinayi, komanso 787 ya ziwiri.

Ndege isananyamuke, okonza ulendo amasankha mabwalo opatukirako, monga Durban, Mauritius, Perth kapena Melbourne, ndipo amaona ngati nyengo idzakhale yabwino kumeneko pa maola amene ndege ingafikeko. Bwalo limodzi likakhala ndi chifunga kapena namondwe, njira yonse amaisuntha. Amalembanso malo amene kubwerera ndi kupitirira kumatenga nthawi yofanana, kuti vuto likagwa oyendetsa asayambe kukambirana kolowera.

Mafuta sawerengera injini yokha. Amaganizira tsoka loposa pamenepo, loti mpweya wa m'kati mwa ndege wathawa pamalo akutali kwambiriwo. Zikatero timasiki timagwa, koma mpweya wake umatha pa mphindi 12 mpaka 22 basi. Oyendetsa amatsika msanga kufika mamita pafupifupi 3,000, msinkhu wa nsonga ya Sapitwa ku Mulanje, pomwe munthu amapuma popanda chothandizira. Pansi chonchi ndege imamwa mafuta kwambiri, ndiye thanki iyenera kukhala ndi okwanira kukafika pa bwalo ndegeyo ikuuluka pa msinkhu umenewo. Ku garaja nakonso kuli mwambo wake. Makaniko mmodzi saloledwa kugwira ntchito yofanana pa injini zonse ziwiri nthawi imodzi, kuopa kuti akalakwitsa kumanzere alakwitsanso kumanja. Oilo amamuyeza ulendo uliwonse.

Sitikubisirani, zoopsa zidachitikapo. Mu Ogasiti 2001 ndege ya Air Transat idatayikira mafuta pa nyanja ya Atlantic, injini zonse n'kuzima, koma idayandama mpaka kukatera ku zilumba za Azores ndipo anthu onse 306 adapulumuka. Mu Novembala 1987 ndege ya South African Airways yochokera ku Taipei idagwa pafupi ndi Mauritius moto utabuka m'katundu, anthu 159 adafa. Ife timaopa moto kuposa injini. N'chifukwa chake zozimitsira moto za kumalo a katundu ziyenera kugwira ntchito nthawi yonse yopatukira, kuonjezapo mphindi 15. N'chifukwa chakenso pawabanki ndi mabatire apadera saloledwa m'sutikesi yopita pansi. Akhale m'chikwama cha m'manja, pomwe utsi ungaoneke msanga. Ili si lamulo longovutitsa anthu, mumuuze mwanayo alitsate.

Radar ya pamtunda, chipangizo chounikira pomwe ndege zili, imaona makilomita ngati 400 okha kuchokera pamene yaima. Kupitirira apo ndege imatumiza yokha malo amene ili kudzera pa setilaiti, oyendetsa amalemberana mauthenga ndi oyang'anira kayendedwe ka ndege amene ali pansi, ndipo wailesi yofika kutali yotchedwa HF imakhala yodalira zina zikakanika. Ndege ya ku Malaysia ya MH370 itasowa mu Marichi 2014, bungwe la ICAO, loona za maulendo a ndege padziko lonse, lidalamula kuti ndege zazikulu zizidziwika pomwe zili mphindi 15 zilizonse zikakhala pa nyanja.

Chimene chimapatutsa ndege kawirikawiri ndi matenda a wokwera, ndipo pa njira ngati iyi chipatala chikhoza kukhala maola anayi kapena asanu kutali. Apa m'pamene inu mungathandize. Mankhwala a shuga, mphumu kapena BP akhale m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Ngati wangochitidwa kumene opaleshoni kapena ali ndi vuto la mtima, aonane ndi dokotala kuno ku Blantyre asanakwere. Azimwa madzi pafupipafupi, ndipo pakatha maola awiri aliwonse adzuke ayendeko, kuti magazi asaundane m'miyendo. Akakhala pampando lamba akhale womanga ngakhale nyali yochenjeza za lamba yazima, makamaka pogona, ndipo amumange pamwamba pa bulangete kuti ogwira ntchito aone osamudzutsa. Kugwedezeka kwadzidzidzi kumavulaza makamaka amene sanamange lamba.