Nthata zatisowetsa tulo ku Chinamwali

FUNSO

Bambo mlangizi, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chinamwali. Tili ndi agalu awiri ndi mphaka mmodzi. Chiyambireni mvula mu Disembala, nthata zatisowetsa mtendere. Mwana wanga wotsiriza, wa zaka zinayi, miyendo yake ndi zilonda zokhazokha chifukwa chodzikanda. Agaluwo ndawasambitsa kawiri ndi dibi, m'nyumba ndapopera Doom, koma pakangopita masiku atatu zayambiranso. Aneba akuti agaluwo ndiwapake oyilo wakuda wa galimoto, mphakayo ndimuviike mu dibi yomweyo. Nditani ine?

Mayi wodandaula, Chinamwali

YANKHO

Mayi, ndiyambe ndi mphakayo, chifukwa ndi amene moyo wake uli pachiswe. Chonde musamuviike mu dibi ya agalu. Mankhwala ambiri otere amakhala ndi permethrin kapena amitraz, ndipo thupi la mphaka silipirira zimenezi. Ndili pantchito ku Thondwe, mtsikana wina anandibweretsera mphaka atamukulunga m'chitenje, akunjenjemera thupi lonse, thovu kukamwa. Anali atamusambitsa m'mawa ndi madzi otsala a galu. Dzuwa lisanalowe anali atafa, ndipo kulira kwa mwana uja sindikuiwala. Ngakhale kugona pamodzi ndi galu amene sanaume bwino kumatha kudwalitsa mphaka. Za oyilo wakudazo zisiyeni: amawotcha khungu, ndipo galu akamadzinyambita amameza poizoni.

Tsopano chimene chikukugwetsani ulesi. Mankhwala anu akugwira, kungoti akupha nthata zokhazo zimene zikuoneka, pamene zochuluka zikadali mazira ndi timphutsi pansi m'nyumba mwanumo. Nthata yaikazi imodzi imatha kuikira mazira 40 kapena 50 patsiku. Mazirawo samata pa ubweya, amayoyoka ngati mchere paliponse pamene chiweto chagona: pa chiguduli cha pakhonde, pa mphasa, m'ming'alu ya simenti, kunsi kwa sofa. Akaswa, timphutsi timathawa kuwala n'kukabisala m'fumbi, kenako kalikonse kamadzikulunga m'kachikwa. Kachikwa kameneka ndiye vuto. Mankhwala opopera salowamo, ndipo nthata imatha kudikira mmenemo miyezi ingapo mpaka itamva kutentha kwa thupi kapena mgugu wa mapazi. Kuno ku Zomba, ndi chinyontho cha pansi pa phiri nyengo ya dzinja ino, dzira limafika pokhala nthata yoluma m'masabata awiri kapena atatu okha. Zimene mumaziona tsiku lachitatu zija sizichokera kwa aneba, n'zoswa kumene m'nyumba mwanu.

Choncho konzekerani miyezi itatu yathunthu, ndipo ziweto zonse zitatu muzizipatsa mankhwala tsiku limodzi. Mukasiya chimodzi, chimenecho chimasungira zinzake mbewu. Ine ndimakonda mankhwala odontheza a fipronil, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Frontline. Alipo a agalu, oyendera kulemera kwa galuyo, ndipo a amphaka ndi apadera. Patulani ubweya kumbuyo kwa khosi, pamene lilime silifika, mudontheze pakhungu penipeni. Musawasambitse kwa masiku awiri, ndipo muzibwereza mwezi ndi mwezi. Ndikudziwa kuti mtengo wake si wamasewera. Ngati thumba silikulola, pitani kwa alangizi a ziweto a boma akuuzeni dibi yoyenera agalu ndi kasungunulidwe kake, ndalama ya odontheza muisungire mphaka. Mankhwala othiridwa m'kabotolo kopanda chizindikiro, ogulitsidwa pamsika, musagule. Tiana ta agalu kapena ta amphaka tosakwana masabata asanu ndi atatu timangofunika chipeso cha mano othinana ndi kambale ka madzi a sopo komizamo nthatazo.

Ntchito yaikulu ili pa tsache. Sesani tsiku lililonse, makamaka m'makona ndi kunsi kwa mipando, zinyalalazo muziwotcha osati kuzitaya kuseri kwa nyumba. Kolopani ndi madzi a sopo. Chiguduli chakale cha agalucho chiwotcheni, muwapatse china chimene muzichichapa ndi madzi otentha sabata iliyonse. Mabulangete, mphasa ndi makushoni azituluka tsiku lililonse limene dzuwa lawala, chifukwa timphutsi sitipirira kuuma. Ming'alu itsekeni ndi simenti, ndipo ngati khitchini yanu ndi yadothi, izireni mwatsopano. Musaiwale m'mbali mwa nyumba kapena pansi pa mtengo pamene agalu amausa masana. Chotsanipo masamba ndi udzu kuti dzuwa lizifikapo.

Mwanayo muzimusambitsa miyendo ndi sopo, mumuwenge zikhadabo, mumupake calamine kuti kuyabwa kuchepe, ndipo pakadali pano asamagone pansi. Zilondazo zikayamba mafinya, kapena thupi likatentha, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Yang'aniraninso ndowe za agalu ndi mphaka. Mukaona tinthu toyera ngati mpunga, ndi njoka za m'mimba zimene chiweto chimatenga pomeza nthata, ndipo mwana wamng'ono angathenso kuzitenga. Pogula mankhwala a njoka, funsani okhala ndi praziquantel.

Simunatchule makoswe, koma ngati alipo kudenga, musayambe ndi kuwathirira chiphe. Khoswe akafa, nthata zake zimasamukira kwa anthu, ndipo ndi njira yomweyi imene amafalira matenda a plague, amene anabuka ku Nsanje mu 2002. Yambani ndi nthata, makoswe pambuyo.

Kuti muzidziwa ngati zikuyenda, usiku uliwonse ikani beseni la madzi a sopo pansi m'chipinda chochezera, tochi ikuwala pamwamba pake. Kandulo ayi, m'nyumba muli ana. Nthata zimadumphira kuwalako n'kumira. M'mawa muziwerenga n'kulemba pa kalendala. Masabata awiri oyamba zikhoza kuoneka ngati sizikuchepa, musafooke, ndi zam'zikwa zija zikutuluka. Mwezi wachiwiri ukatha besenilo likadali lakuda, mundilemberenso, munenenso ngati pali mphaka wina wosokera amene amagona pakhonde panu usiku.