Ndizipitabe kukathandiza ulere pomwe kunyumba ufa ukusowa?

FUNSO: Azakhali, ndine mtsikana wa zaka 23, ndimakhala ku Mufakose mumzinda wa Harare ku Zimbabwe ndi amayi, agogo athu anachokera ku Dedza kalekale. Ndinamaliza A Level koma ntchito ayi ndithu, ndiye ndinalowa kagulu kena ka kutchalitchi kwathu koyendera okalamba ndi odwala, kuwachapira, kuwatungira madzi ku mjigo, pena kuwaperekeza ku kiliniki kukatenga mankhwala a BP ndi shuga. Sitilandira kanthu olo ya kombi (minibasi). Amayi akuti ndikungotaya nthawi bola ndizikaoda tomato ku msika waukulu wa Mbare Musika nkumagulitsa. Akuluakulu a gulu nawonso ayamba kundiunjikira ntchito, malipoti ndine, mayina a pa kompyuta ndine, mpaka masiku asanu pa sabata. Mtima wanga uli komweko koma mutu waima. Ndisiye?

YANKHO: Mwana wanga, usasiye, koma usapitirizenso momwe zikuyenderamu.

Ndiyambe ndi amayi ako chifukwa sakulakwa. Munthu amene amaona thumba la ufa likutha ndi iwowo, ndiye akamakuona ukutuluka m'mawa nkubwera madzulo chimanjamanja mtima uyenera kuwapweteka basi. Usawayankhe mwamwano. Koma uwafunse mwaulemu kuti agogo aja atafika kuno nthawi imene mzindawu unkatchedwa Salisbury, opanda m'bale, mafumu ndi manda a kwawo zonse zili ku Dedza, ankaikidwa ndi ndani akamwalira? Anali anzawo ochokera ku Nyasaland omwe anapanga ma burial society, magulu othandizana pa maliro, m'makomboni, m'mafamu ndi m'migodi, wina kukumba manda, wina kuphika pa siwa, wina kusunga buku la zopereka, onsewo osalandira kanthu. Anthu athu kuno anaima chifukwa cha ntchito ngati ukugwirayi, ndipo amayi ako akuzidziwa bwino kuposa ine.

Tsono iwe ukupindula chani? Zambiri kuposa momwe ukuganizira. Ukudziwa kale kulemba lipoti, kusunga mayina mwadongosolo, kulankhula ndi anamwino, kudzutsa nkhalamba yodwala pamphasa osaipweteka msana, kuona kuti mapiritsi a agogo uje atsala a masiku angati. Zimenezi kusukulu sunaphunzire ndipo olemba ntchito amazifuna, nthawi zonse amafunsa kuti unagwirapo kuti, pamene anzako ambiri a A Level alibe choyankha. China chomwe anthu sachiwerengera ndi mutu wako. Kukhala pakhomo tsiku lonse pa WhatsApp kudikira ntchito kumadwalitsa maganizo, ndawaona achinyamata abwinobwino akulowa mu zamankhwala ozunguza bongo chifukwa chosowa chowadzutsa m'mawa, ndipo zimandiwawa kwambiri.

Usadzione wochepa ayi. Friendship Bench yomwe pano ikudziwika mpaka kunja inayambira konkuno ku Mbare mu 2006, Dr Dixon Chibanda ataphunzitsa agogo aakazi wamba kukhala pa benchi panja pa kiliniki nkumamvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo kafukufuku wa 2016 anaonetsa kuti anthu amene anacheza ndi agogowa anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Kolera itavuta m'madera a Glen View ndi Budiriro kuno ku Harare mu 2018 ongodzipereka a Red Cross ndi ena ndi amene ankalowa khomo ndi khomo kuphunzitsa za madzi ndi kusamba m'manja. Bungwe lililonse, kaya tchalitchi kaya kiliniki, silingafike kuchipinda chakuseri komwe kwagona wodwala popanda mwana wa m'dera momwemo yemwe anthu amamudziwa nkumutsegulira chitseko, komanso agogo ambiri a kwathu akadwala amafuna kudandaula m'Chichewa, ndiye iwe kwa gululo ndiwe wofunika zedi.

Apa ndiye pali mawu anga kwa akuluakulu akowo. Masiku asanu pa sabata si kudzipereka, imeneyo ndi ntchito yathunthu, ndipo si bwino kuti munthu akakhala wa mtima wabwino azimusenzetsa zonse. Pita ukakhale nawo pansi, osati pa foni, uwauze kuti uzibwera masiku awiri kapena atatu, malipoti agawire wina amene iwe ungamuphunzitse, ndipo akakutuma kutali azikupatsa ya kombi ndi ya data chifukwa kupempha zimenezo si dyera. Upemphenso kalata yokhala ndi chidindo yonena tsiku lomwe unayamba ndi zomwe umachita, osadikira tsiku lomwe udzaifune mwachangu, komanso kukabwera maphunziro a first aid kapena osamalira odwala pakhomo dzina lako lizikhala poyamba. Akakana zonsezi ndiye kuti gululo likungokugwiritsa ntchito, okalamba ako ukhoza kumawayenderabe pawekha kapena kudzera gulu lina.

Masiku otsalawo ukaodedi tomato uja monga akunenera amayi, phindu lake olo lichepe uziwapatsa m'manja aone. Ndipo Loweruka lina uwapemphe akuperekeze kwa mmodzi mwa agogo omwe umawasamalira, akakhale nawo pamkeka kwa ola limodzi. Ukatero undilembere kuti anena chani.