Mwana wochita bwino wagwa bwanji atangolowa Sitandade 5?

Imelo yabwera kuchokera kwa mayi wina wa ku Nkhotakota, cha ku Benga. Mwana wawo wamwamuna amakhala nambala 4 kapena 5 chiyambire Sitandade 2, koma chilowere mu Sitandade 5 walephera materemu awiri otsatizana. Akufunsa ngati amulipirire part-time, makalasi olipira a masana akaweruka, kapena angomuchotsa kusukulu ya boma n'kukamuika ku pulayiveti ngakhale m'thumba muli movuta.

Mayi, funso lanuli limandiwawa, chifukwa mwana wotereyu alipo pafupifupi m'kalasi iliyonse ya Sitandade 5 kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwangwa, ndipo mlandu umagwera wosalakwa. Ena amati mwana wayamba chibwana, ena amati aphunzitsi a boma ndi aulesi, ena mpaka amayang'ana anansi ndi diso lofiira kuti amutsekera nzeru. Nthawi zambiri si chilichonse mwa izi.

Kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 mwana amaphunzira m'Chichewa, Chingerezi chimakhala phunziro limodzi chabe pa tsiku. Akafika mu 5 zinthu zimatembenuka. Masamu, sayansi, ulimi, Social, Life Skills, Expressive Arts, Baibulo kapena zachipembedzo, mabuku ake onse ndi a Chingerezi, mayeso akenso. Chichewa chimatsala chokhachokha m'phunziro lake. Mwana amene mu Julayi ankawerenga funso la masamu m'chiyankhulo cha kwawo, mu Seputembala akufunsidwa zomwezo m'chiyankhulo chimene pakhomo panu palibe amachiyankhula. Kuchotsera amadziwa, koma sakumva kuti funsolo likuti achotsere.

Pali china choopsa kuposa pamenepa. Ana ambiri amafika mu 5 asakudziwa kuwerenga ngakhale Chichewa chomwecho, ndipo palibe amene anazindikira. Zimatheka bwanji? M'kalasi ya ana oposa 100, okhala pansi mothithikana, mphunzitsi amawerenga chiganizo pa bolodi, ana onse n'kubwereza mokweza. "Mwamva?" "Eee!" Mwana wa khutu lakuthwa amaloweza zonse, ndipo buku mukamupatsa amayang'ana chithunzi n'kulakatula tsamba lonse osaphonya liwu. Inu mumasangalala. Koma phimbani chithunzicho ndi dzanja, lozani liwu la pakati pa mzere, mudzaona akuyang'ana kudenga. M'makalasi ang'onoang'ono kuloweza kumamuwolotsa. Mu 5 manotsi achuluka, mutu sungasenze zonse, ndiye amagwa. Dzenjelo analiyandikira kale mu Sitandade 2, langoonekera lero.

Tsegulani kope lake la Social usiku uno. Mukapeza mawu awiri alumikizana ngati amodzi, zilembo zina zasowa pakati pa liwu, b ndi d akusinthana, mzere wathunthu wadumphidwa iye osaona kuti chiganizo chaduka, dziwani kuti mwanayo akujambula zimene zili pa bolodi, sakulemba.

Ndipo nambala ija ya pa lipoti, ine sindiikhulupirira ngakhale pang'ono. Makolo timafunsa "wakhala nambala chani?" osafunsa malikisi. Mwana akhoza kukhala nambala 4 ndi malikisi 45 pa 100 ngati anzake onse ali pansi pa pamenepo. Nambala imangokuuzani kuti waposa ana angati, sikuuzani ngati akudziwa kanthu. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaifufuta pa malipoti onse a m'makalasi ang'onoang'ono, m'malo mwake n'kulembapo chinthu chimodzi: mwanayu amawerenga kapena ayi.

Aphunzitsi sindiwanena. Pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, nthawi ya a Bakili Muluzi, ana oposa miliyoni imodzi anawonjezeka m'sukulu chaka chimodzi chokha, ndipo makalasi ndi nyumba za aphunzitsi mpaka lero sizinakwane. Boma linayambitsa National Reading Programme mu 2016, ya Sitandade 1 mpaka 4, yophunzitsa maliwu a zilembo ndi maphatikizo m'malo moloweza, ndipo njirayo ndi yabwino. Koma imafuna kuti mphunzitsi amve mwana aliyense akuwerenga payekha. Ana 120, phunziro la theka la ola, werengerani nokha.

Tsopano part-time. Ndinena mosapsatira: yambiri ndi kutaya ndalama. Mwana wakhala m'kalasi kuyambira m'mawa akukopera zimene sakumva, masana mukumubwezanso, dzuwa la kunyanja lili pamutu, kuti akakopere zina zimene sakumvanso, pakati pa ana 40. Part-time yothandiza ndi ya ana osaposa 5 kapena 6, pamene wophunzitsa wabwerera m'mbuyo n'kuyambira pamene mwana anatayikira, ngakhale kukhale ku buku la Sitandade 2. Funsani wophunzitsayo kuti adzayambira pati. Akati "tizibwereza za m'kalasi", sungani ndalama zanu. Za pulayiveti n'chimodzimodzi. Zilipo zabwino, koma zilinso zambiri zimene chokongola ndi yunifolomu yokha, ophunzitsa ake sanapondeko ku TTC, sukulu yophunzitsa ntchito ya uphunzitsi, pamene wa boma anaphunzira ntchitoyo zaka ziwiri. Mayeso a MANEB mu Sitandade 8 ndi amodzimodzi kwa onse.

Ndisanaiwale, kuno kunyanja kuli nkhani ya kujomba imene makolo ambiri saidziwa. Mwana amanyamuka pakhomo atavala yunifolomu, koma maboti a usipa amakocheza m'mawa, nthawi yomweyo imene belu likulira. Mnyamata wa zaka 11 akathandiza kunyamula ndi kuyanika pa thandala amapatsidwa kangachepe, ndipo kandalama ka m'manja kamakoma kuposa long division. Mwezi ukakhala mumdima, usipa n'kumafa wambiri, mabenchi a anyamata amakhala pululu. Nthawi ya mpunga ena amakapirikitsa mbalame, tsiku la msika ena amakagulitsa zitumbuwa, mvula ikagwa mitsinje n'kudzaza ena sawoloka. Masamu a mu 5 ndi omangirirana: wophonya sabata ya kugawa adzavutikanso pa mafulakishoni. Onjezanipo likodzo. Mwana wosamba m'nyanja tsiku ndi tsiku akhoza kumataya magazi pokodza osauza munthu, ena amayesa ndi chizindikiro cha kukula, chonsecho thupi likufooka, m'kalasi n'kumangosinza. Mankhwala ake, praziquantel, alipo kuchipatala ndipo nthawi zina amagawidwa m'sukulu momwemo, amwe atadya. Madrasa a masana ena amawanamizira, koma si amene akugwetsa ana, bola nthawi yogwira buku la sukulu ipezeke madzulo.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri n'chakuti sukulu zathu zimadzuka mu Sitandade 8. Pamenepo ndiye makalasi a m'mamawa, a Loweruka, a pa holide, mayeso a moku a zoni, aphunzitsi odalirika onse aikidwa kumeneko, komiti ndi PTA ayamba kuyendera. Zonsezi chifukwa mbiri ya sukulu ili pa chiwerengero cha osankhidwa kupita ku Fomu 1, kaya ku sukulu za national, zogonera za m'boma ngati Nkhotakota Secondary, kapena ku CDSS. Koma pa PSLCE, mayeso a MANEB a mu Sitandade 8 aja, mapepala onse kupatula Chichewa ndi a Chingerezi, ndipo mwana wosawerenga simungamukonze m'miyezi isanu ndi itatu. Mphunzitsi wabwino koposa pa sukulu amayenera kukhala mu Sitandade 1 ndi 2, wotsatira wake mu 5.

Muyeseni nokha kunyumba

Sizifuna kuti mukhale mphunzitsi. Tengani Chichewa chimene sanachionepo, kaya nyuzipepala kaya kapepala ka kuchipatala, awerenge mokweza mphindi imodzi. Mvetserani ngati akudula mawu, "ku-su-ku-lu", kapena akuyenda bwinobwino. Kenako chotsani pepalalo mumufunse mafunso atatu: ndani, anachita chiyani, chifukwa chiyani. Akakanika apa, vuto ndi kuwerenga, Chingerezi chisiyeni kaye.

Akapambana, mupatseni buku la Chingerezi la Sitandade 3, osati la 5, afotokoze m'Chichewa zimene wawerenga. Pomaliza sankhani mafunso asanu a masamu olembedwa m'mawu amene analakwa pa mayeso, wina amumasulire m'Chichewa. Akakhoza atatu kapena anayi, masamu alibe mlandu. Akalepherabe, mufunseni matebulo a 6, 7 ndi 8 mosakaniza, osati mondondoza ngati nyimbo, ndi kuchotsera kobwereka monga 403 kuchotsapo 168. Ziro wa pakatiyo ndi amene amaulula ana ambiri.

Mukatero pitani kusukulu nthawi yoweruka, musalowerere m'kalasi muli phunziro. Yambani mwalonjera ahedi, kenako mupemphe mphunzitsi wa kalasi akuonetseni rejisitala, muwerenge nokha masiku amene mwana sanabwere materemu awiriwa. Pemphani akhale kutsogolo, chifukwa ana ena saona bwino pa bolodi kapena samva bwino ndipo sadziwa kuti anzawo amaona. Funsani ngati angabwereke buku la Chingerezi Lachisanu n'kubweza Lolemba, mulikutire ndi pepala la pulasitiki. Ngati kusukuluko kulibe phala, asachoke pakhomo ndi njala, ngakhale mbatata kapena chinangwa chophika chikwanira. Zikakanika kumvana, pamwamba pa ahedi pali a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale, ku TDC, likulu la aphunzitsi a m'zoni yanu, koma kawirikawiri sizifika kumeneko mukapita mwaulemu.

Yankho langa, mayi, ndi ili. Musamuchotse. Mphindi 20 tsiku lililonse dzuwa lisanalowe aziwerenga mokweza pamaso pa munthu, kaya inu kaya mkulu wake wa ku sekondale, kuyambira buku limene amalikwanitsa n'kumakwera. Ndalama ya part-time mugulire kanyali ka sola ndi makope. Teremu yachitatu ikatha asanayambe kuwerenga ndime ya Chingerezi ya Sitandade 4 n'kuifotokoza, aphunzitsi akati abwereze, vomerani. Kubwereza mu 5 kumamanga zimene zikusowa, pamene kubwereza mu 8 mwana amangoloweza mapepala akale a MANEB kachiwiri. Mudzandilemberenso zimene mwapeza m'rejisitala muja.