Usanagule mankhwala opopera, mdzukulu wanga

Mdzukulu wanga, wandifunsa kuti ndi mankhwala ati amene angaphe tizilombo tonse ta pakhomo pako nthawi imodzi, chifukwa mbozi zikudya masamba a mtengo wa mandimu ndipo ana akuopa nalimata amene amayenda pakhoma usiku. Mtima ukhale pansi, palibe choopsa chimene chakugwera. Koma ndikanakondwa ukanandifunsa kuti tizilombo timeneti mayina ake ndi ati, ndipo tikugwira ntchito yanji pakhomopo.

Ife pokula, akuluakulu sankatilola kupha chinthu chimene sitikuchidziwa dzina. Agogo anga aakazi ankandidzutsa mame asanaume, n'kumayenda nane m'dimba pang'onopang'ono, akutembenuza masamba kuti ndione kunsi kwake. Kumeneko ndi kumene ndinadziwira chiswamphika, amene amaima chilili atapinda miyendo yakutsogolo kudikira kachilombo koti agwire, ndiponso kachikumbu kofiira ka madontho akuda kamene chakudya chake ndi nsabwe za m'masamba. Tombolombo akamauluka pamwamba pa madzi, ankandiuza kuti ana ake amakulira m'madzimo akudya mphutsi za udzudzu. Bilimankhwe tikamupeza panjira tinkangomudikira kuti awoloke. Tsiku lina ndinakweza mwala kuti ndigende chule, ndipo iwo sanandikalipire, anangondigwira dzanja n'kundifunsa ngati ndikudziwa chimene chule amadya usiku.

Mbozi ya pamandimu ija uiyang'anitsitse bwino. Ikakhala yaing'ono imaoneka ngati chitosi cha mbalame, motero mbalame zimaidutsa osaizindikira. Ikakula imasanduka yobiriwira, ndipo ukaikhudza imatulutsa tinyanga tiwiri tonunkha kumbuyo kwa mutu pofuna kuopseza mdani. Kenako imadzimangirira kukanthambi n'kukhala chikwa, ndipo mmenemo mumatuluka gulugufe wamkulu wakuda wa mawanga achikasu, yemwe uja ana ako amamuthamangitsa akusangalala. Gulugufeyo amalawa tsamba ndi mapazi ake asanaikire dzira, n'chifukwa chake salakwitsa mtengo. Mtengo waukulu suuma chifukwa cha masamba ochepa amene mbozi zadya, umaphukanso. Mbande yokha ndi imene ingavutike, ndipo pamenepo ungochotsa mbozizo ndi manja.

Nalimata naye musiyeni, saluma munthu, amangobwera kudzadya tizilombo tosonkhana pakuwala kwa nyale.

Chimene chimandimvetsa chisoni masiku ano n'chakuti mwana amakula osatembenuzako tsamba ngakhale limodzi. Bwalo lonse mwathira simenti, udzu mumadula mpaka dothi kuonekera, magetsi akunja amayaka usiku wonse, kenako mumadabwa kuti ziphaniphani zinapita kuti, pamene izo zimapezana zazimuna ndi zazikazi poonetsana kuwala kwawo mumdima. Sindikunena kuti ukhondo ndi woipa, koma mwazolowera kuona chilichonse chokwawa ngati uve, ndipo mantha a ana akowo aphunzira kwa akuluakulu amene amakuwa akaona kangaude.

Mankhwala opopera ambiri sasankha. Amapha mbozi pamodzi ndi njuchi, ndipo maungu, amene duwa lachimuna ndi lachikazi limakhala palokhapalokha, sabereka bwino ngati palibe wonyamula mungu. Nsabwe za m'masamba zimaswana msanga kuposa tizilombo tozidya, choncho kawirikawiri zimabwerera zochuluka kuposa poyamba, adani ake atatha.

Udzudzu, mphemvu ndi chinkhanira cholowa m'nyumba, zimenezo usazilekerere ayi. Taya madzi odikha m'zitini ndi m'matayala akale, vundikira zakudya, ndipo uphunzitse ana kukutumula nsapato asanavale. Ngati mbewu zagwidwa kwambiri moti kupopera sikungapeweke, upopere mbewu yogwidwayo yokha, madzulo njuchi zitabwerera kumng'oma, ndipo usapopere pamaluwa. Kumapeto kwa dimba usiyeko kamalo kosasesa, ka udzu ndi masamba ouma, ndipo ana aziyenda nawe kumeneko m'mawa.